Kukatenga Kalaba ku Mapiri a Kansobwe

Uthenga unafika ku Chawama, mu Lusaka, Lolemba masana, Ketty Mpundu ali pa thebulo lake la tomato kumsika. Anabwera nawo ba Christine a ku Marapodi, mayi wachikulire amene chaka chilichonse mvula ikayamba ankakwera sitima kupita kumapiri a kumpoto kukagula vinkubala, mphalabungu zonenepa zija za m'mitengo ya mtondo. Anali asanafike n'kunyumba kwawo komwe. Matope ofiira anali akadali pa nsapato zawo.

Anati Kalaba, mwamuna wa Ketty, ali gone mumsasa wa otola vinkubala pamwamba pa mapiri a Kansobwe. Anaterereka pa thanthwe atasenza thumba, mwendo n'kuthyoka, fupa kutulukira kunja. Anthu anam'manga ndi timitengo ndi luzi, koma panalibe wofuna kusiya kutola kuti amunyamule, poti nyengo ya vinkubala ndi masabata atatu basi. Foni kumeneko siigwira. Iwo anamuona ndi maso awo Lachisanu.

"Anali kukamba?" anafunsa Ketty.

"Anali kukamba. Koma mwendo uja sunanikondweletse, bana Ngosa. Tisachedwe," anayankha ba Christine, akumuitana monga mayi wa Ngosa, mwana wake woyamba.

Ketty anafunditsa tomato ndi chiguduli n'kumusiya pomwepo. Ana awiri, Ngosa ndi mng'ono wake, anawasiya kwa apongozi ake. Wilbroad, mkulu wake wa Kalaba, woyendetsa minibasi ya ku Chawama, anapereka makiyi kwa mnzake n'kunena kuti Lamlungu akhala atabwera. Ba Christine anavomera kubwerera, chifukwa njira ankaidziwa ndi iwo okha. M'chikwama chimodzi anaikamo ufa, kapenta, mchere, mabandeji, mapiritsi a ululu ndi botolo la mankhwala otsukira bala. Anakwera basi mpaka ku Kapiri, ndipo Lachiwiri madzulo analowa sitima ya kumpoto.

Sitima inawatsitsa pa Kansobwe Lachitatu m'mawa, itaima mphindi ziwiri zokha. Phokoso lake litazimiririka, Ketty anamva bata limene sanalimvepo chibadwire. Siteshoniyo inali nyumba imodzi ya konkire ya mazenera opanda magalasi, ndi pulatifomu yong'aluka momwe munamera udzu. M'chipinda chodikiriramo munagona mbuzi zitatu. Kumbuyo kunali nyumba zisanu ndi imodzi za antchito, zinayi zopanda denga, ndipo kuseri kwake mapiri anaunjikana, lina pamwamba pa linzake, mpaka kulowa m'mitambo.

Woyang'anira siteshoni, ba Nkole, anali bambo wamtali wa imvi, wovala jekete la ntchito lothothoka mabatani. Anamvetsera nkhani yawo akupinda mbendera yake yobiriwira. Anati chipatala chenicheni chili maola atatu pa sitima, kumpoto, ndipo msewu wa galimoto unaduka pa mlatho mvula yoyamba itangogwa. Sitima yopita kumpoto idzadutsa Loweruka masana.

"Mukaiphonya iyo, ina ni Lachitatu," anatero. Anayang'ana nsapato zosongoka za Wilbroad n'kupukusa mutu.

Ananyamuka nthawi yomweyo. Kanjira kanadutsa m'minda ya chinangwa, kenaka kanayamba kukwera. Poyamba Wilbroad ankalankhula monga amachitira pa chiwongolero: zoti mng'ono wake ndi wolimba ngati tayala la thirakitala, zoti adzamuseka chaka chonse chifukwa chogwetsedwa ndi thumba la mbozi. Pa phiri lachiwiri mawu anamuthera. Akashembe, ntchentche zoluma za m'tchire, ankawaluma kupyoza malaya. Ketty, amene chitunda chachikulu pa moyo wake chinali mulu wa zinyalala wa kuseri kwa msika, ankamva ntchafu zikunjenjemera ngati si zake. Ba Christine okha ndiwo ankayenda mosapupuluma, mutu pansi, chikwama pamutu.

Dzuwa litapendeka anatsikira m'chigwa n'kuwoloka mtsinje wa Lufishi, madzi akulekeza m'mawondo. Ba Christine anaima pakati n'kuyang'ana kumtunda kumene mitambo inadera bii.

"Uyu mumana sausekelela," anatero akuloza mtsinjewo. "Lelo watilola."

Anagona m'chisakasa chosiyidwa ndi alenje, mvula ikudontha paliponse. Lachinayi chakumasana anafika pamsasa.

Anthu onse anali atachoka. Panatsala mitengo yodulidwa ili mbwee, milu ya phulusa pamene ankawambira vinkubala, ndi misasa ya masamba yoyamba kugwa. Pa msasa umodzi wokha ndi pamene pankafuka utsi. Panja panakhala bambo wamfupi wa kumapiri komweko, dzina lake Mutale, amene anatsalira kuti wodwalayo asafe yekha. Fungo linawapeza asanafike pakhomo.

Kalaba anali ataonda mpaka mano kuoneka aakulu. Maso anali achikasu. Atamuona mkazi wake anayesa kudzuka, n'kulephera.

"Bana Ngosa," anatero ndi mawu osasa. "Bana mwasiyila ndani?"

"Bali na bamayo. Gonani chabe, bashi Ngosa."

Ketty anamasula luzi pang'onopang'ono. Kuyambira kuphazi mpaka m'bondo mwendo unali wakuda ngati khala, ndipo kutupa kunali kutafika pakati pa ntchafu. M'balamo munkayenda tinthu toyera. Ketty anatsanulira mankhwala, anakulunga bandeji yatsopano, anamwetulira mwamuna wake, kenaka anapita kuseri kwa msasa n'kusanza. Ba Christine anam'tsatira n'kumugwira paphewa. Anamuuza motsitsa mawu kuti za mwendo aiwale, chimene atanyamule ndi munthu.

Anadula mitengo iwiri yowongoka n'kupanga machira ndi zitenje ndi luzi. Apa ndi pamene Kalaba anayamba kuvuta. Pakona pa msasa panali matumba anayi a vinkubala, zonse zimene anasinthanitsa ndi zovala za salaula, zakaunjika zija, ndi mapoto omwe anabwera nawo kuchokera ku Lusaka. Ankafuna kuti nawonso anyamulidwe. Wilbroad anamuuza kuti manja alipo asanu ndi atatu ndipo onse ndi a machira, matumbawo atsale akhale a Mutale. Kalaba, amene sanalire pamene ankam'tsuka bala, analira ngati mwana.

Ketty anayang'ana kumbali. Unali ulendo woyamba wa Kalaba ku malonda amenewa. Ntchito ya ulonda itatha anakhala miyezi isanu ndi iwiri pakhonde, ndipo Ketty ndi amene ankamuimbira nyimbo imodzimodzi m'mawa uliwonse, kuti amuna anzake akupita kumapiri pamene iye akuwerenga nkhuku za aneba. Tsiku lonyamuka anam'phikira mazira awiri, namuperekeza pokwerera basi ali wonyadira.

Kutsika kunali kovuta kuposa kukwera. Wilbroad anagwira kutsogolo, Mutale kumbuyo, akazi akulandira mosinthana. Pa malo otsetsereka wakutsogolo ankakweza mitengo pamwamba pa mutu, wakumbuyo akuwerama mpaka kukwawa. Aliyense akaponda molakwika Kalaba ankakuwa. Pofika madzulo anasiya kukuwa, ndipo Ketty anaona kuti kukuwa kuja kunali kwabwinoko. Tsikulo mvula inagwa yoopsa, mphenzi zikung'anima pa nsonga za mapiri, ndipo anabisala pansi pa thanthwe atayenda theka chabe la mtunda umene ankafuna.

Lachisanu m'mawa, nkhungu ikadali m'mitengo, ba Christine anakodola Ketty n'kuloza kumbuyo ndi mlomo. Pa kanjira kamene anangodutsapo panaima fisi, mutu uli pansi, akununkhiza pomwe anatsitsirapo machira. Wilbroad anatola mwala. Mutale anamuletsa, nati fisi woyenda masana saopa mwala, angotsata fungo basi, chofunika n'chakuti wodwala asasiyidwe yekha pansi ngakhale kamphindi. Anapitiriza. Akaima, fisi ankaima. Akayenda, ankayenda, mapazi ake osamveka, nthawi zina kusowa kwa ola lathunthu n'kudzaonekeranso pafupi kuposa kale. Kalaba sanamuone. Ketty ankayenda mbali imene ikanam'tchinga.

Lufishi anamumva asanamuone. Mtsinje wa m'mawondo uja unali utasanduka chinthu china, madzi ofiira akugubuduza mitengo yathunthu ndi mizu yomwe. Wilbroad anafuna kudikira kuti aphwe. Mutale anapukusa mutu n'kuloza mitambo: mawa adzakhala ochuluka kuposa lero. Anati kumtunda, ulendo wa maola awiri, mtsinje umatambasuka pa mchenga, ndipo mwina pamenepo angawoloke.

Anayenda m'mphepete, m'matope ndi m'minga. Pamalopo Mutale anapota chingwe cha luzi, anawoloka yekha akukankhidwa ndi madzi, n'kukachimanga ku mtengo wa tsidya, kenaka n'kubwerera. Amuna awiriwo anasenza machira pamutu. Madzi anafika m'chiuno, kenaka pachifuwa, ozizira mpaka kuuma mano. Ketty anali pambuyo pawo, dzanja limodzi pa chingwe. Ali pakati anamva kufuula kamodzi, ndipo atacheuka anaona ba Christine atamira, chitenje chokha chikuyandama. Anachigwira. Madzi anakoka, iye anakoka, luzi likumudula chikhatho, mpaka mutu wa mayiyo unatuluka akutsokomola. Chikwama chinali chitapita, ndi ufa, ndi kapenta, ndi mapiritsi onse.

Atafika tsidya anagwa pa mchenga onse anayi. Kumene anachokera kuja fisi anali atakhala pansi ngati galu wa pakhomo, akuwayang'ana.

Tsiku limenelo anadya masuku otola pansi. Ketty anafinyira ena m'kamwa mwa Kalaba, koma ankangotuluka m'mbali mwa milomo. Thupi lake linali lotentha ngati lata la padzuwa. Nsapato za Wilbroad zinali zitasiyana ndi zidendene zake kalekale, ndipo anakulunga mapazi ndi manja a malaya ake. Loweruka ananyamuka kusanayere bwino. Sanapume. Ketty ankangoyang'ana dzuwa likukwera, akutchera khutu kuopa kumva kulira kwa sitima iwo akadali m'phiri. Atatulukira m'minda ya chinangwa n'kuona denga la siteshoni, njanji ili yopanda kanthu, dzuwa lisanafike pamutu, Wilbroad anaseka koyamba m'masiku atatu.

"Tafika, mwaiche," anauza mng'ono wake. "Tafika."

Ba Nkole anali ataima pa pulatifomu. M'manja mwawo munalibe mbendera.

Anadikira kuti atsitse machira pamthunzi, kenaka anawauza. Mvula ya Lachinayi inagumula phiri n'kukwirira njanji pamalo pomwe imadutsa pakati pa zitunda ziwiri, makilomita khumi ndi anayi kumpoto. Wailesi yanena m'mawa womwewo kuti palibe sitima yodutsa mpaka makina atabwera kudzachotsa dothilo. Mwina masiku asanu, mwina sabata.

Wilbroad anakhala pansi pa konkire, miyendo ili tambalale, n'kumayang'ana mapazi ake. Ba Christine anayamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Ketty anafunsa za kum'mwera. Ba Nkole anati kumeneko kulibe chilichonse kwa makilomita makumi asanu ndi limodzi. Anafunsa za kumpoto, kupitirira pogumukapo. Anati siteshoni yotsatira ili makilomita khumi ndi awiri kuchokera pamenepo, ndipo ili ndi kiliniki ndi msewu umene ambulansi imafika.

Maso a Ketty anagwera pa kangolo kachitsulo ka anthu okonza njanji, ka mawilo anayi, komangidwa ndi tcheni pambali pa nyumba. Ba Nkole anaona kumene akuyang'ana. Anati malamulo salola, kangoloko sikachoka popanda chilolezo cha akuluakulu, ndipo iwo kwatsala chaka chimodzi kuti apume pa ntchito. Ananena zonsezi akuyang'ana Kalaba. Kenaka analowa mu ofesi n'kutuluka ndi kiyi.

Anawapatsa chinangwa chophika ndi chigubu cha madzi. Anakweza kangolo pa njanji, n'kugonekapo Kalaba ndi machira ake omwe.

Kukankha kunali ndi mavuto akeake. Mitanda ya pansi pa njanji inatalikirana mosagwirizana ndi phazi la munthu: ukaponda uliwonse umachita ngati ukudumphadumpha, ukadumpha umodzi umatang'adza. Pakati pake panali miyala yakuthwa, ndipo Wilbroad ankasiya madontho ofiira pa mtanda uliwonse. Njanji inkakwera pang'onopang'ono, mosaoneka ndi maso koma momveka m'misana. Anadutsa pa mlatho wautali wopanda zogwirira, madzi akuoneka kutali pansi pakati pa mitanda, ba Christine akukwawa ndi manja ndi mawondo.

Kalaba anayamba kulankhula. Ankati matumba anyowa, wina awafunditse. Ankati vinkubala vikanyowa vimachita nkhungu, ndipo ku msika wa Soweto ku Lusaka palibe amene angagule. Ketty anam'pukuta nkhope n'kumuitana dzina. Iye anamuyang'ana mwaulemu, ngati munthu wachilendo.

"Ba sisita," anatero, "uzani bakazi banga matumba yali ku msasa. Yanayi."

"Nine, bashi Ngosa. Nine Ketty."

"Yanayi," anabwereza.

Anafika pogumukapo dzuwa litapendeka. Njanji inangolowa m'dothi lofiira n'kuthera pomwepo. Phiri lonse linali litakhala pansi pakati pa zitunda ziwirizo, mitengo itazondoka mizu m'mwamba, miyala ina yaikulu ngati minibasi, ndipo matope anali akuyendabe pang'onopang'ono ngati phala. Mutale anayesa kukwera. Pa sitepe yachisanu anamira mpaka m'ntchafu, ndipo anachita kum'koka ndi mtengo. Anazungulira n'kukwera chitunda cha kumanzere kuti aone kutsogolo. Atabwera anati dothilo ndi lalitali kuposa mmene munthu angaponyere mwala katatu, ndipo kulambalala ndi machira pamwamba pa phiri ndi ulendo wa tsiku lathunthu.

Wilbroad anakana. Anati adula mitengo ayale pamatope, adutsa. Mutale anati mitengo imira. Wilbroad anati ndiye amubereka kumsana. Ba Christine anati phirilo likugumukabe, afa onse. Anakangana ataima m'mphepete mwa matopewo, wina akuloza uku, wina uko.

Ketty anali atakhala pa kangolo, dzanja lili pachifuwa cha mwamuna wake. Chifuwacho chinakwera, chinatsika, chinakhala kanthawi, chinakweranso pang'ono. Kenaka Ketty anadikira. Ntchentche inatera pa mlomo wa Kalaba, ndipo mlomowo sunagwedere.

Sanawaitane msanga. Anawasiya akangane za mitengo ndi za njira ya pamwamba, chifukwa nthawi yonse imene ankakangana, ulendo unali ukadalipo. Anam'tseka maso, anam'wongola kolala ya malaya. Wilbroad ndi amene anacheuka, mawu ali pakamwa, n'kuona mmene mlamu wake anakhalira.

Pobwerera njanji inali yotsetsereka. Kangolo kankayenda kokha, mopepuka, moti ankachita kukagwira kuti kasawathawe.

Anamuika Lamlungu kuseri kwa siteshoni, pamene panagona kale antchito a njanji angapo ndi mayi wina amene anafera pa pulatifomu akudikira kukabereka. Thupi silikanatha kudikira sitima. Ba Nkole anazula zitseko ziwiri za nyumba zopanda denga zija, ndipo Wilbroad ndi Mutale anakhoma bokosi ndi misomali yowongola. Kunabwera anthu asanu ndi awiri a m'mudzi, osamudziwa womwalirayo, n'kuimba nyimbo ziwiri za Chibemba. Ba Nkole anawerenga salmo, anaimika chidutswa cha njanji kumutu kwa manda, kenaka anapita kukalemba lipoti la kangolo. Mutale anatsanzika tsiku lomwelo n'kubwerera kumapiri.

Anakhala pa Kansobwe masiku ena anayi, akugona m'chipinda chodikiriramo pamodzi ndi mbuzi. Lachinayi kunabwera sitima yochokera kum'mwera itanyamula makina ndi antchito, ndipo pobwerera inawatenga.

Ku Chawama anapeza tenti itakhomedwa kale pakhomo, poti ba Nkole anali atatumiza mawu pa wailesi. Anthu anali pa maliro opanda mtembo, ndipo aliyense ankafuna kumva. Wilbroad, amene kale sankatha kudutsa munthu osamuseketsa, analowa akutsimphina n'kukakhala yekha kumapeto kwa benchi. Ba Christine anafotokoza zochepa n'kupita kwawo.

Apongozi ake a Ketty anamuitanira kuchipinda n'kutseka chitseko. Anali atakhala pa mphasa, maso atatupa. Sanafunse za mwendo, kapena za manda. Anamugwira dzanja lodulidwa ndi luzi lija.

"Niuze, mwana wanga. Pothela anakamba chani? Ananitomola?"

Ketty anayang'ana nkhope ya mayiyo, yofanana ndi ya Kalaba pachipumi ndi pamphuno.

"Anakutomolani, bamayo," anatero. "Anati, ukauze bamayo basalile maningi, sininamve kubaba."

Mayiyo anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenaka anadzuka, anatuluka, ndipo Ketty anawamva akuuza amayi a mu tenti. Mawuwo anayenda pa benchi ndi benchi, ndipo pamene ankabwerera kudzera pa zenera anali atakula: Kalaba anafa akumwetulira, anapempherera amake, anakhululukira onse.

Chitseko chinatseguka pang'ono. Anali Ngosa, mwana wake wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, atavala diresi la kutchalitchi limene wina anamuveka mopotoka. Anabwera n'kuima pafupi, manja kumbuyo.

"Mami, nanga ine? Badadi banakamba chani pali ine?"

Ketty anam'kokera pamiyendo pake n'kuyamba kum'manga bwino mabatani, limodzi limodzi, kuyambira pansi, kuti apeze nthawi.